Ndani Wasuntha Firiji?

Mwamuna wanga Lyle anali ndi chipewa chimene ndinkafuna kuchitentha kuyambira chaka chimene tinakwatirana. Chinali chansalu, chothimbirira, chonunkha ng'ombe, pamwamba chobooka. Koma pa tsiku la mpikisano wa magalimoto chipewa chimenechi chinkasanduka chikho. Lyle ankakhala pampando wake wopinda, pachitunda choyang'anana ndi kona yathu, miyendo tambalale, manja pamimba. Dalaivala akadutsa mwawamba, iye osaphethira n'komwe. Akadutsa momugwira mtima, ankadzuka n'kuponya chipewacho mumsewu. Noreen, mnansi wathu amene amayang'anira konayo atavala vesiti yachikasu, anamuletsa kale kulowa mumsewu kukatola, ndiye Lyle anachimangirira chingwe chowedzera nsomba, akaponya n'kumachikoka. Madalaivala onse a kuno ku Gippsland ankadziwa zimenezi, moti ena akafika kumapeto sankayamba n'kufunsa nthawi yawo. Ankafunsa kuti, "Mkulu uja waponya?"

Vuto linali lakuti Lyle sankadziwa kuonera mpikisano, ndikunena ine amene ndakhala naye pachitunda chimenecho chaka ndi chaka. Iye ankakonda aja obwera chammbali ngati nkhanu, galimoto itayang'ana kumpanda, matayala akulavula timiyala mpaka m'makapu a tiyi. Ngwazi yake inali Bruno Scalzo, nkhalamba yolima mbatatesi, amene amayendetsa Datsun yakale yofiira ngati kuti inamulakwira. Bruno amaona msewu kudzera pazenera lam'mbali, lakutsogolo n'lokongoletsa chabe. Ine ndimakonda odekha, monga Anders Holm wa galimoto yoyera. Amaponda buleki kamodzi, pamalo pake, n'kulowa pakona ngati ulusi pasingano, basi wapita. Fumbi lochepa, phokoso lochepa, koma madzulo dzina lake limakhala pamwamba.

"Wakoyo akupita kubanki," ankatero Lyle.

"Nanga wakoyo akupita kuti? Akungosesa msewu ndi matako."

"Anthu abwera kudzaona fumbi, Desley. Akanafuna ulemu akanapita kutchalitchi."

Mkangano umenewu tinkaukonda tonse awiri, sindingakane. Unangosiya kukoma chaka chimene mwana wathu Tegan analowa nawo mpikisano.

Tegan amayendetsa lole ya thanki yonyamula mkaka. Amene anayendetsapo thanki yosadzaza amadziwa kuti mkaka umayenda m'katimo. Ukaponda buleki mwankhanza umakukankha kumsana, ukakhota mwachipongwe umakugoneka m'ngalande. Ndiye mwanayo ali ndi manja ofewa, sagwedeza ngakhale kapu ya khofi. Nyengo yonse yozizira anaithera m'shedi mwathu, iye ndi mnzake Marika, akumanga kagalimoto kabuluu. Bambo ake ankawapatsira masipanala, ankagona nawo pansi pa galimoto mpaka msana kuuma, koma pakamwa pokha ankalephera kutseka.

"Musaiwale kulemba kumbuyoku," ankatero. "Pepani a kumbuyo, ndanyamula mkaka."

Tegan ankaseka. Koma ine ndine mayi wake, ndimadziwa kuseka kwake kwenikweni.

Lachinayi la sabata ya mpikisano onse opikisana anadutsa mumsewu wathu pang'onopang'ono, monga amachitira, kuti wokhala pambali alembe njira yonse: pano pakhota chakumanja, pano pali chitunda, pano ponda buleki. Tsiku la mpikisano dalaivala amangomvera zimene mnzakeyo akumuwerengera. Atamaliza, Tegan analowa m'khitchini, n'kutenga bisiketi, osaidya.

"Amami, ndikuchita kamodzi kokha," anatero. "Adadi akangokhala pansi ine ndikudutsa, galimoto ija ndiigulitsa. Ndibwerera ku thanki yanga."

"Iwe, chifukwa cha chipewa chonunkha chija?"

"Chipewa chomwecho. Ndaonera chikuponyedwera ana a eni ake kuyambira ndili wotere. Sindingamathamangire munthu amene sakundiyang'ana."

Anandilumbiritsa kuti ndisawauze bambo ake. Ankafuna chipewa chenicheni, osati chachifundo. Ndinalumbira, koma mtima unandiwawa, chifukwa ndinkamudziwa Lyle. Sanaponyerepo wodekha chibadwire.

Loweruka m'mawa, titangomaliza kukama ng'ombe, ndinamva thirakitala ikulira kumsewu. Nditakwera pachitunda ndi masoseji ndi mikate, ndinapeza firiji yathu ili pomwepo, pafupi ndi mpando wa Lyle. Imeneyi ndi firiji yakale, yoyera, yaitali kundiposa, imene timalandiriramo makalata. Malo ake ndi pageti, kamtunda ndithu usanafike pakona.

"Nanga ichi chikudzatani kuno?"

"Kutchinga mphepo," anatero Lyle, osandiyang'ana. "Moto wa masoseji umazima."

Kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba. Koma ndinali ndi anyezi oti ndidule, ndiye ndinangozisiya. Lyle anabweza thirakitala kushedi, tsidya lina la msewu, Noreen n'kutseka msewu ndi matepi ake. Anthu anali atadzaza kale, ena ndi mipando, ena ndi agalu, ena atayamba moŵa dzuwa lisanatenthe n'komwe.

Galimoto yoyamba tinaimva ili kutali m'nkhalango, ikubangula, ikutsokomola posintha magiya. Inatulukira pamtunda, n'kutsetsereka liwiro la mtondo wadooka. Ndinadikira kumva buleki pamalo pamene ndimaimvera chaka chilichonse. Zii. Inaponda mochedwa, matayala onse gwa, n'kupita chammbali mpaka m'udzu, dalaivala akupalasa chiwongolero ngati akuthamangitsa njuchi. Inatuluka itakolekera tchire kutsogolo. Anthu anakuwa mpaka agalu anayamba kuuwa.

Yachiwiri inazungulira pomwepo n'kuyang'ana kumene inachokera. Yachitatu inaphonya ngalande pang'onong'ono.

"Chaka chino ndiye chaka!" anakuwa Lyle. "Aphunzira kuyendetsa anyamata!"

Kenako kunabwera Anders wanga, munthu amene sanasowetsepo mtendere mwala uliwonse wa mumsewu umenewu. Mayo ine! Anabwera atapingasa msewu wonse, fumbi kobo, timiyala tikugwa padenga la firiji ngati matalala. Anaiwongola, inde, koma mwamanyazi. Lyle anadzuka n'kuponya chipewa, akuvina ndi bondo lake lovuta lija.

"Watembenuka mtima wakubanki uja! Desley, waona? Wabatizidwa lero!"

"Khala pansi, ugwa," ndinatero. Zinandinyansa kwambiri, ndipo soseji imodzi ndinaipsereza dala kuti ikhale yake.

Bruno yekha ndi amene anadutsa monga mwa masiku onse. Anayamba kupingasa ali kutali, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo akutibayibitsa. Chipewa chinapitanso mumsewu n'kubwerera pachingwe.

Zinapitirira choncho mpaka anthu mawu anasasa. Magalimoto othamanga anatha, kunayamba kubwera a kumapeto, kumene amaika achatsopano. Ndipamene kagalimoto kena kachikasu kanalephereratu. Kanatsetsereka bwinobwino, mosapupuluma, n'kukakhala m'ngalande matayala awiri ali m'mwamba. Noreen anaimba wezulo, amuna n'kuthamangira kukakankha, poti kuno galimoto ikagwa pakona panu ndi yanu, mumaitulutsa. Akukankha choncho, chitseko chinatseguka. Mayi wowerenga njira anatulutsa mutu, chisoti chili pheee kumutu, maso ali psuu.

"Ndani wasuntha firiji?" anakuwa. "Talemba kuti buleki pa firiji! Aliyense walemba kuti buleki pa firiji! Ndani chitsiru chimene chasuntha firiji?"

Anawakankha, n'kupita akutukwanabe. Mitu yonse inatembenukira ku chinthu choyera chija chitaima pakona penipeni, kenako kwa Lyle. Paja amati fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mwamuna wanga anangoti kukamwa yasa, soseji yopserera ili m'manja.

Wina anayamba kuseka, ena n'kulandira. Ine sindinaseke.

"Lyle," ndinatero. "Tegan."

Nkhope yake inasintha ndikuona. Anathamangira firiji n'kuikumbatira kuti ainyamule yekha, nkhalamba yopanda nzeru. Amuna anayi anabwera kudzathandiza, koma mwini wake anali ataimangirira ndi waya kuchitsa kuti isagwedere, ndipo thirakitala inali tsidya lina. Noreen analankhula pa wailesi yake, n'kupukusa mutu.

"Tegan wanyamuka kale, ali m'nkhalango. Ndipo palibe amene ayende m'mbali mwa msewu wanga atasenza firiji. Bwererani kuseri kwa tepi nonse!"

Tinaimva injini. Ndinaidziwa, ndinali nditaimva nyengo yonse yozizira.

Lyle anaponda pampando wake, n'kugwira pamwamba pa firiji, n'kudzikoka. Mmene anakwerera ndi bondo limenelo sindidziwa mpaka lero. Anaima pamwamba, chipewa m'manja, akuchikupizira pansi, akukuwa kuti, "Chepetsa! Chepetsa, mwanawe!" ngati kuti munthu wovala chisoti m'galimoto yobangula angamve.

Kagalimoto kabuluu kanatulukira pamtunda, kowongoka bwino, pakati penipeni pa msewu. Kanadutsa pageti osachepetsa. Kanadutsa pamtengo wa bulugamu, pamene onse aja anayambira kuvutika. Ndinagwira mkono wa Noreen mpaka anakuwa. Kenako mphuno ya galimoto inagwa pansi, matako n'kuponyedwa kunja, ndipo mwana wanga anabwera chammbali kuposa Bruno amene. Ndinamuona pazenera, manja akuthamanga, mutu uli chilili. Tayala lakumbuyo linayenda m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, dothi likugumukira m'kati. Timiyala tinatimenya tonse, moto wa masoseji unakwiririka. Galimoto inagwedezeka kamodzi, n'kuwongoka, n'kulowa m'mitengo.

Chitunda chonse chinapenga. Amuna akuluakulu ankakumbatirana, moŵa ukutayikira pansapato.

"Ponya, Lyle! Ponya! Ameneyo ndi mwana wako!"

Lyle sanaponye. Anali ataima pamwamba pa firiji, chipewa atachifinya ndi manja awiri pachifuwa, nkhope yoyera ngati firiji yomweyo. Anachita kumutsitsa ngati thumba la feteleza. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa ndinadziwa kuti Tegan wayang'ana pagalasi ndipo waona msewu wopanda kanthu.

Masana msewu unatsegulidwa kwa kanthawi, poti magalimoto amadutsa kawiri, m'mawa ndi madzulo. Lyle sanadye. Anakatenga thirakitala, n'kubweza firiji pageti, n'kuikhazika ndendende pamene udzu unafera. Ali pansi akuiwongola, ndinamufunsa.

"Mphepo ija inali kuti?"

"Ukakhala pampando suona pamtunda paja," anatero. "Umangoona pakona pokha. Ndimafuna ndikwere, ndimuone kuyambira potulukira."

Ndinafuna kumumenya ndi chopanira masoseji, ndinafunanso kumupsompsona padazi. Ndinangomuuza kuti akwere galimoto tizipita.

Opikisana onse anali pabwalo la mpira m'tauni, akukonza magalimoto. Nkhani inali itafika kale. Titangotsika, wina anayamba kuomba m'manja, bwalo lonse n'kulandira.

"Abwana a firiji afika!"

"Lyle, madzulo ano usuntha chiyani? Shedi?"

Anders anabwera mwaulemu wake, n'kumugwira chanza. "Ndamva kuti mwandiponyera chipewa, a Lyle. Chonde musadzandichitirenso zimenezo."

Bruno anali atakhala patayala akudya chitumbuwa cha nyama. "Anthuwa akuti firiji, firiji," anatero. "Firiji iti? Pali firiji pamenepo?"

Tegan tinamupeza atagwada, akuchotsa udzu kunsi kwa galimoto. Marika atationa anati akukafuna madzi, n'kuchoka. Mwanayo anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja, osamwetulira.

"Ndinakuonani mutaimirira, adadi," anatero. "Ndili pamtunda pomwe. Moyo wanga wonse sindinakuonenipo mutaimirira ine. Firiji sindinaisamale n'komwe, msewu umenewu ndimaudziwa ndili m'tulo. Marika akukuwa kuti buleki, buleki, ine maso ali pa inu. Mmene ndimakumbuka kuti pali kona, n'kuti kona itafika."

"Tegan..."

"Ndiye ndakupatsani fumbi lanu lija. Lonse. Kuposa la a Bruno. Ndayang'ana pagalasi, chipewa palibe. Mukufuna chiyani kwenikweni? Ndiuzeni, ndisamavutike."

Lyle anavula chipewacho n'kumachizunguza m'manja.

"Bruno ndi mwana wa eni ake," anatero. "Akabwera chammbali ndimaona galimoto. Iwe utabwera chammbali sindinaone galimoto ayi. Ndinaona iwe, ndi ngalande. Ndinafa pamwamba paja, mwanawe, funsa amako. Madzulo ano undinyamulire mkaka. Usataye ngakhale dontho."

"Mkaka suponyeredwa chipewa," anatero Tegan.

"Iwe kanyamule."

Madzulo anthu anachuluka kuposa m'mawa, poti mbiri inali itawanda kuti kona ya firiji ikugwetsa anthu. Anagwa mphwayi. Firiji inali pamalo pake, ndipo aliyense anaponda buleki ngati wophunzira wabwino. Anders anadutsa ngati akupita kubanki, ine n'kumuombera m'manja mokweza dala. Lyle mpando wake anali ataupinda n'kuutsamiritsa kumpanda, ndipo anaima chiimire kuyambira galimoto yoyamba. Bruno sanabwere pa nthawi yake. Noreen anamva pa wailesi kuti tayala linamuphulikira, amubweza kumbuyo kwa Tegan.

Tili chidikirire, ndinaona Lyle akulimbana ndi mfundo ya chingwe chija ndi zala zake zonenepa. Italephereka, anailuma ndi mano.

"Ukutani?"

"Chikundikola," anatero.

Injini ija inamveka. Kagalimoto kabuluu kanatsika kowongoka, ndipo pageti penipeni mphuno inagwa pansi kamodzi, mofewa. Sikanapingase, sikanagwedezeke. Kanalowa pakona tayala lam'kati likupsompsona udzu, n'kutuluka kali kale pa liwiro, ngati kuti konayo yachita kupatuka yokha. Mukanaika kapu ya tiyi padenga, ikanafika yodzaza. Anthu ena sanadziwe n'komwe kuti aona chinthu.

Chipewa chinauluka. Lyle anachiponya ndi mphamvu zake zonse, chopanda chingwe, mpaka anadzandira. Chinazungulira m'mwamba n'kukagwa pakati pa msewu, pamene matayala a mwanayo anali atangodutsa. Tinamvetsera. Kuseri kwa mitengo hutala inalira kawiri, pipi, pipi.

Ndinakuwa ngati mtsikana, ndikuvomera. Ndinamukumbatira Noreen, vesiti ndi wailesi zomwe. Nditatembenuka ndinapeza Lyle akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Fumbi," anatero.

"Fumbi liti? Mwanayo sanadzutse fumbi."

Kenako kunabwera Bruno, wolusa chifukwa cha tayala lija, atapingasa kuyambira pageti. Sindinamuonepo akuyendetsa mokongola choncho. Anachiponda chipewa chija ndi matayala onse anayi, n'kuchimwaza nsanzansanza m'waya wa mpanda. Ntchito imene ndinailephera zaka zonsezi anaimaliza m'kuphethira kwa diso. Anthu anakuwa, akuyang'ana kwa Lyle kuti aone achita chiyani.

Lyle sanamuone n'komwe Bruno. Maso ake anali adakali kumitengo kumene kagalimoto kabuluu kanalowera, dazi lili pamtunda, likupsa ndi dzuwa. Anandigwira mkono.

"Unaona mmene anapondera buleki, Desley? Kamodzi. Kamodzi kokha, pamalo pake."

Mawu amenewo ndi anga, ndakhala ndikumuuza kuyambira tsitsi lake lisanathothoke. Ndinali ndi zambiri zoti ndimuyankhe, ndinazisunga zaka zonsezo kudikira tsiku limeneli. Ndinavula chipewa changa n'kumuveka, kenako ndinamusankhira soseji yosapserera.